Diresi Lachikasu M'munda wa Tiyi

Anthu amandiimitsa pamsika wa Luchenza n'kundilozetsa foni kumaso. "Lestina, si bambo ako awa? Koma madalawa gitala amaitha." Ine ndimangoti inde, ndi iwowo, n'kumapitirira ulendo wanga. Sindiima. Akanadziwa chimene nyimbo imeneyo inatichita pakhomo pathu, bwenzi akundipepesa m'malo mondiyamikira.

Amayi anga, a Fainess, anamwalira mu Epulo. Bambo, a Amosi, anatsala m'nyumba ya njerwa zootcha imene anamanga okha ku Kapichi, pamalo a kwawo kwa amayi. Kwathu kuno mwamuna ndi mkamwini, amakhala kwa mkazi. Mkazi akafa, abale a malemuyo amaika tsiku lomusudzula mwamunayo. Tsiku limenelo amagawana zovala za malemu, n'kumuuza mwamuna uja kuti wamasuka, akhoza kubwerera kwawo. Akakhala wokalamba komanso kuti ankakhala bwino ndi anthu, amatha kumuuza kuti khalani pompano, ana anu akusungeni. Koma chimenecho ndi chifundo chabe, palibe amene angawakakamize.

Tsono bambo anga kwawo kunali kuti? Makolo awo anachokera ku Mozambiki kudzathyola tiyi, iwo n'kubadwira m'malaini a antchito pa esiteti. Malaini amenewo anagwetsedwa kalekale, pano pali mitengo ya makadamiya ndi mlonda wa agalu. Wachibale amene anatsala ndi mmodzi yekha, Lackson, mwana wa malemu mlongo wawo, amene amagwira ntchito pachigayo ku Luchenza. Munthu wa imvi mutu wonse akamuuza kuti pitani kwanu, akaima pansi pa mtengo wa kampani?

Wolamula pa nkhaniyi anali amalume a Zakeyu, mlongo wawo wa amayi, mwinimbumba wathu. Si munthu woipa ayi. Ndi munthu wotopa, wa chifuwa chosatha chimene anachitenga pa ulonda. Titachoka kumanda anandikokera pambali.

"Usade nkhawa, Lestina. Alamu anga sanatilakwirepo. Ndiyankhula ndi mayi ako aang'ono. Ingowauza akhale phee mpaka kumapeto kwa Ogasiti."

Mayi aang'ono amenewo ndi a Teleza, mng'ono wawo wa amayi. Ali ndi ana aakazi ambiri ndi kamunda kongokwana kuyanikapo chinangwa, ndipo maso awo anali pa nthochi ndi kadimba ka bambo kuseri kwa nyumba. Sindikuwanamizira, ankakayeza ndi mapazi ine ndikuona. Ndi iwonso amene analongedza zovala za amayi mu sutikesi tsiku la maliro, n'kuimanga ndi nsanza ya chitenje, n'kuiika pamwamba pa kabati kuchipinda kwa bambo. Sutikesi yotere satsegula munthu aliyense, ngakhale mwana wobadwa m'mimba mwa malemu, mpaka tsiku la chisudzulo. Ngakhale kamwana ka ku sukulu ya mkaka kwathu kuno kamadziwa zimenezo.

Bambo anakhaladi phee, koma anaonjeza. Anasiya kudya. Ankangokhala pakhonde atavala jekete, kuyang'ana minda ya tiyi kutsidya, tiyi wa m'kapu n'kuzizira ali m'manja. Ukawafunsa kanthu, ankayankha ndi mutu. Ndinaona kuti munthuyu akutsatira mkazi wake ine ndikuonerera, ndipo ndinachita mantha.

Nzeru ya nyimbo inali yanga, ndipo pamenepo sindipepesa munthu. Ali mnyamata, bambo ankaperekera zakumwa ku kalabu ya mabwana pa esiteti, ndipo Loweruka ankaimba gitala mu kabandi ka antchito kamene kankasangalatsa azungu ndi nyimbo za jazi. Panali nyimbo ina yoyenda pang'onopang'ono, yolira, imene iwo ankaitcha bulusi. Anaiphunzira pa mbale ya galamafoni yokalikakalika imene bwana wina anataya, yopanda ndi dzina lomwe, n'kuikamo mawu awoawo. Mwamuna amadandaula kuti chiperoni chamupeza panjira, jekete waiwala kwa mkazi. Mkazi amayankha kuti bwererani mudzatenge, moto sunazime. Mbali ya mkaziyo ankaimba ndi amayi. Ndi nyimbo imene anafunsirana nayo, ndipo ine ndinakula ndikuimva amayi akuchapa, bambo akukonza njinga. Anzawo onse a mu bandi anapita. Palibe anaijambulapo.

Ine ndimagwira ntchito ku fakitale ya tiyi, kosankha masamba. Kumeneko kuli wamagetsi wina, a Lusayo, wochokera ku Karonga, amene amajambula nyimbo za makwaya m'nyumba yake ya kampani. Mkazi wake, a Dora, ndi mphunzitsi pa pulayimale ya pa esiteti, ndipo mawu ali nawo. Ndinawafotokozera. A Lusayo anati abwere nawo madalawo, salipiritsa, nyimbo zotere zikutha.

Kuwachotsa bambo pakhonde inali nkhondo. Ndinachita kuitanitsa nsambo zatsopano za gitala ku Limbe n'kuwaponyera pamiyendo. Anaziyang'ana tsiku lathunthu. M'mawa mwake ndinadzidzimuka ndi kulira kwa gitala akuichuna.

Situdiyo ya a Lusayo ndi chipinda cha ana. Pawindo anatsamiritsa matiresi, pachitseko bulangete, maikolofoni anaimangirira ku mpini wa tsache, laputopu ili pa tebulo lositirapo zovala. Tinkadikira kuti thirakitala ya masamba idutse, tambala wa aneba atope, ndiye n'kuyamba. Zala za bambo zinali zitauma, ankaphonya, n'kutukwana chapansipansi m'Chilomwe. Koma pofika masana nyimbo inabwera. A Dora atayankha kuti moto sunazime, ine ndinatuluka panja, ndinakalira kuseri kwa bafa.

A Lusayo anaikamo besi ndi lipenga la mu kompyuta, kenaka anayesa kuikamo ng'oma yothamanga, ati achinyamata azivina.

"Chotsani icho," anatero bambo. "Nyimbo iyi ndi ya munthu wonyowa. Munthu wonyowa sathamanga, wanyowa kale."

Anachotsa. Tsiku limenelo bambo anadya mbatata mbale yonse kwa eni nyumba, n'kupemphanso tiyi wina. Pobwerera ankandiuza za woimba ng'oma wawo amene ankagona ali pa siteji. Anaseka. Ndinali ndisanamve kuseka kwawo chimwalirireni amayi.

Za vidiyo anayambitsa ndi a Lusayo. Ndinavomera, ndipo tinagwirizana bwinobwino: bambo akhale pampando m'kanjira ka m'munda wa tiyi, aziimba gitala, a Dora aime chapatali aziyankha. Basi. Ndinkaganiza kuti tsiku la chisudzulo ndidzawaonetsa amalume ndi mbumba yonse, aone mmene munthuyu ankamukondera m'bale wawo, mitima ifewe. Loweruka lojambulalo ine ndinali pa shifiti. Kunja kunali chiperoni chenicheni cha mu Julaye, nkhungu ndi kamvula kowaza, ndipo a Lusayo anasangalala kuti Mulungu wawapatsa zonse zaulere.

Lachiwiri potuluka pageti la fakitale, mnzanga Triza anandithamangira ndi foni.

"Iwe, bambo ako atchuka. Taona."

Vidiyo inayamba monga tinapanganira. Nkhungu, tiyi wobiriwira mpaka kuphiri, bambo pampando ndi jekete lawo. Kenaka m'nkhungumo munatuluka mzimayi wovala diresi lachikasu, la kolala yoyera ndi mabatani kumsana. Diresi limenelo ndimalidziwa ngati dzanja langa. Amayi ankalivala pa Khirisimasi pokha, ndipo linali pansi penipeni pa sutikesi ija. Chakumapeto bambo anaika gitala pampando, anaimirira, n'kumugwira mzimayiyo m'chiuno. Anavina naye pang'onopang'ono pakati pa tiyi, maso atatsinzina, tsaya lili pafupi ndi tsitsi lake. Mkazi wa mwini, m'diresi la malemu, miyezi itatu isanakwane bwino chiikireni maliro.

Kukongola inakongola, zimenezo sindikana. Ndi chimene chimandipsetsa mtima kwambiri.

Ndinathamangira kwa a Lusayo ndili ndi yunifolomu. Ndinawapeza akumwetulira, akuwerenga ndemanga za anthu pa vidiyo ija, imene anali ataiika pa intaneti osandiuza.

"Diresi lija munalitenga kuti?"

"Anabwera nalo ndi madala, mu jumbo," anatero. "Anati Dora alivale. Ife tinaona ngati ndi ulemu kwa malemu. Talakwitsa?"

A Dora atamva tanthauzo lake anagwira pakamwa, misozi n'kulengeza. Anthu a eni, obwera, akanadziwa bwanji za sutikesi ya ku Kapichi? Ndinawauza a Lusayo kuti aichotse msanga. Anati pa tsamba lawo akhoza kuchotsa, koma anthu atumizirana kale pa WhatsApp, yafika ku Bvumbwe, ku Limbe, ngakhale kwa anyamata athu a ku Joni. Ndinadziwa kuti ngati yafika ku Joni ndiye kuti kwa mayi aang'ono inafika dzulo.

Kunyumba ndinalowa kuchipinda kwa bambo osaodira. Sutikesi inali pamalo pake. Nsanza ya chitenje ija anaidula ndi mpeni, ndipo m'malo mwake anamangapo nsambo yakale ya gitala. Sanayese n'komwe kubisa.

"Bambo, mwachita chiyani?"

"Ndinalibweza. Ndinalipinda mmene ankalipindira mwini wake."

"Mukudziwa kuti mwadzithamangitsa nokha pakhomo pano?"

Anandipempha kuti ndiwaonetse vidiyoyo, poti foni yawo ndi ya mabatani.

Amalume anabwera Lamulungu masana, mayi aang'ono ali pambuyo. Tinakhala pakhonde. Mayi aang'ono sanalonjere n'komwe.

"Mkulu wanga sanaole m'manda, inu mwayamba kale kuveka akazi a eni zovala zake. Dziko lonse laona. Ku tchalitchi ndikulephera kudzutsa mutu. Akuti mbumba ya a Zakeyu ilibe mwambo, mkamwini amatsegula sutikesi ngati yake."

Ndinayankha, poti pakamwa panga sipachedwa. Ndinati mayi, chikukuwawani ndi diresi kapena nthochi za kuseriku? Amalume anandiyang'ana, ndinakhala chete, koma mawu anali atatuluka kale ndipo sanatithandize.

Amalume anatsokomola nthawi yaitali, kenaka anayankhula motsitsa mawu.

"Alamu, ine ndinafuna kuti mukhale. Mwanayu ndi mboni. Panopa mwandimanga manja, komabe njira ilipo. Tikauze mbumba kuti alendo aja ndi amene anaumirira diresi, posadziwa mwambo wathu, ndipo inu ndi chisoni chanu simunaganize bwino. Mupereke nkhuku, mupepese. Wamagetsi uja achotse chinthucho pamene anachiika, ndipo auze anthu kuti chinalakwika, afufute. Zikatero ine ndiima nanu. Alendo sataya kanthu, mawa apita kwawo."

Inali njira yabwino, yotsika mtengo, nkhuku imodzi. Ndinadziwa kuti a Lusayo ndi a Dora avomera kusenza mlanduwo, anali atanena kale okha. Ndinawagwira bambo pabondo.

"Vomerani, bambo."

Bambo anayang'ana kutsidya, ku tiyi.

"Ana aja sanaumirire kanthu. Sutikesi ndinatsegula ndine, ndi mpeni wanga. Ndinaganiza bwinobwino, usiku wonse."

"Alamu," anatero amalume, "sindikukufunsani zimene zinachitika. Ndikukuuzani zoti mukanene."

"Ndamva. Nkhuku tengani, ngakhale zonse. Kupepesa ndipepesa, poti mwambo ndaswadi. Koma kunamizira ana a eni ayi. Ndipo chija asafufute."

"Bambo!"

"Lestina, mayi ako ndakhala nawo zaka zonsezi, ndilibe chithunzi chawo n'chimodzi chomwe akuvina. Cha pa chitupa chokha, atakwinya nkhope. Mwezi wamawa diresi lija mugawana, lipita kumene lipite. Ine ndinafuna ndilione likuyenda kamodzi kokha, nyimbo yathu ikulira. Ndaliona. Tsopano mukuti ndikanene kuti chinali cholakwika, achifufute? Sindingathe."

"Ndiye mukagona mu vidiyomo?" Ndinafunsa mokalipa, ndikulira. "Ikakufunditsani bulangete vidiyoyo?"

Mayi aang'ono anaimirira n'kukutumula chitenje chawo. Amalume anatsalira pang'ono, chipewa chili m'manja.

"Mwandipweteka, alamu," anatero. Ndipo ndikhulupirira kuti ankanena zoona.

Masabata otsatirawo ndinayenda ngati wamisala. Ndinapita kwa amalume kawiri konse, ndinakagwada kwa mayi aang'ono, ine amene sindigwadira munthu. A Dora anapita okha kukapepesa atanyamula shuga, anawabweza pakhomo. Bambo ndinawanyengerera, ndinawakalipira, tsiku lina ndinawamana ndi moni womwe. Iwo ankadya bwino tsopano, ankaimba gitala madzulo aliwonse, ndipo anayamba kukhoma mashelefu ndi kukonza chitseko cha kukhitchini chimene chinakhala chopendama zaka zambiri. Ndinazindikira mochedwa kuti ankandikonzera nyumba asanachoke.

Tsiku la chisudzulo silinatenge nthawi. Anatsitsa sutikesi, mayi aang'ono anamasula nsambo ya gitala ija ndi nsonga za zala ngati yodetsedwa, n'kuiponya pansi. Anagawa zitenje, nsapato, mipango. Ine anandipatsa juzi ndi Baibulo. Diresi lachikasu anatenga ndi mayi aang'ono, ati lakhudzidwa kale, silingapite kwa mwana. Kenaka amalume anaimirira, osayang'ana munthu kumaso.

"A Amosi, munatisungira mlongo wathu, mwamuika m'manda. Tikuthokoza. Lero takumasulani. Mukhoza kupita kwanu."

Mawu oti khalani sanabwere. Ndinawadikira mpaka amalume anakhala pansi.

Bambo anawomba m'manja mwaulemu, anatola nsambo ija pansi n'kuiika m'thumba. M'mawa mwake kunabwera njinga ziwiri za kabaza. Ina inanyamula chikwama, matiresi ndi mpando umodzi, inayo inanyamula iwo, gitala ili kumsana. Nyumba inatsala yanga, poti ndine mwana wamkazi wa malemu. Ndinawauza kuti nditsagana nawo, ndikachite lendi ku Luchenza. Anakana, ati ukachoka iwe nyumba ya mayi ako ilowa mbuzi. Kadimba kaja mayi aang'ono anayamba kulima sabata yomweyo.

Pano bambo amakhala m'kachipinda ka kuseri kwa chigayo, kwa Lackson. Ufa umalowa paliponse, m'tsitsi, m'bulangete, m'kati mwa gitala. Magetsi akayaka chigayo sichiona kuti lero ndi Lamulungu, chimangolira, khoma n'kumanjenjemera. Gitala anaiika pansi pa bedi, ati sangapikisane ndi injini. Ayambanso kuchepa thupi. A Lusayo amandiuza kuti nyimbo ija yaseweredwa pa wailesi ina, anthu akufunsa ngati madalawo ali ndi zina. Ndimangowayang'ana.

Lamulungu lililonse ndikaweruka ku tchalitchi ndimakwera minibasi kukawaona. Ndimatenga mbatata yophika ndi foni yotchaja bwino, poti ndikudziwa chimene akudikira. Sachedwa ndi malonje. Amapukuta manja pa thalauza, n'kulandira foniyo ndi manja awiri. Mawu samveka chifukwa cha chigayo, koma alibe nazo ntchito. Pa foni yangayi anaphunzira chinthu chimodzi chokha, kuimitsa vidiyo. Amaimitsa pamene a Dora atembenuka, nkhope yabisika, kukungooneka msana wa diresi ndi mabatani ake, ndi dzanja lawo m'chiuno.

Sabata yatha, akuyang'anabe pamenepo, anandifunsa.

"Diresi lija a Teleza akulisunga bwino?"

Ine ndinali nditaliona Lachinayi pachingwe kwa mayi aang'ono. Analidula pakati, anasokera zidzukulu zawo masiketi awiri, kolala yoyera ija akupukutira mbale.

"Akulisunga, bambo. Lili mu sutikesi."

Anagwedeza mutu, anandipatsira foni.

"Tabwezanso pambuyo pang'ono, pamene akutulukira m'nkhungu."

Ndinabweza. Minibasi yomaliza yopita kwathu inali ikuitanira kale pa siteji, koma ndinakhala pansi pa matiresi, ndinawasiya aonere mpaka batire linatha.